Càrn Mòr Dearg ndi Ben Nevis m'chipale: pomwe ndafika

Kumayambiriro kwa Novembala

Ntchito ya nyengo yozizira ino ndi imodzi. Ndikufuna kunyamuka pamalo oimika magalimoto a North Face ku Torlundy, kunja kwa tauni ya Fort William ku Scotland, kukwera Càrn Mòr Dearg, kudutsa pa kamsana kopyapyala kamene kamalumikiza phirili ndi Ben Nevis, phiri lalitali kuposa onse ku Britain, kugunda pansonga, n'kutsika mpaka pomwe ndayambira, zonsezi pasanathe maola 5, phiri lili mbuu ndi chipale. Njirayi ndi ya makilomita pafupifupi 18, ndipo chitunda chake chonse chimakwana mamita pafupifupi 1,500. Oyenda mwachifatse amathera maola 10 kapena kuposerapo, ngakhale m'nyengo yotentha.

Ndizilemba pano mmene zikuyendera poganizira magulu awiri a anthu. Oyamba ndinu abale amene muli kuno ku Scotland ndi ku England ndipo mwayamba kukwera mapiri masiku opuma. Zithunzi zanu pa WhatsApp ndimaziona, ena mutavala nsapato zothamangira mumsewu pamalo oti pagwira ayezi, ndipo mtima wanga sukhala m'malo. Achiwiri ndi anzanga a ku Likhubula amene tinkathamanga limodzi kukwera ku Chambe. Iwowa amandifunsa kuti kaphiri ka mamita 1,345 kangamuvute bwanji munthu wodziwa Sapitwa, wa mamita 3,002.

Ben Nevis limayambira pafupi ndi nyanja yamchere, ndiye mamita onsewo umawakwera ndi miyendo yako. Lili kumpoto kwambiri, ndipo mphepo yochokera ku Atlantic imalifika ili ndi mphamvu zake zonse, itasenzanso chinyontho. Kuyambira 1883 mpaka 1904 pansonga pake panali nyumba yoyezera nyengo, anthu ankagona momwemo n'kumalemba ola lililonse usana ndi usiku. Zolemba zawo zinasonyeza kuti ukaphatikiza chaka chonse, kuzizira kwa pansongapo kumakhala pansi pang'ono pa madigiri 0. Mabwinja a nyumbayo akadalipo.

Amene anandikopa ndi Finlay Wild, dokotala wa ku Fort William, amene anapambana mpikisano wa Ben Nevis Race kakhumi kotsatizana kuyambira 2010 mpaka 2019. Mpikisanowo umachitika mu Seputembala, miyala ili pamtunda, ndipo rekodi yake ndi ya Kenny Stuart, ola limodzi ndi mphindi 25 mu 1984. Koma chimene chinandigwira mtima n'chimene Wild anachita mu Febuluwale 2018: anazungulira yekha Tranter Round, mtunda wa makilomita pafupifupi 58 wodutsa nsonga 18 za Mamores, Grey Corries, Aonachs ndi Ben Nevis, m'chipale, pa maola 14 ndi mphindi 24. Philip Tranter ndiye anali woyamba kuzungulira njirayi mu 1964. Ine ndikufuna kudzaiyenda m'nyengo yozizira tsiku lina, ndipo kamsana ka Càrn Mòr Dearg (CMD) ndi gawo lake limene ndiyenera kuyamba kulidziwa.

Nyengo yozizira ndikuiwerenga kuyambira pa 1 Disembala mpaka tsiku lomaliza la Febuluwale, monga amachitira a Bob Graham Club, kalabu ya othamanga m'mapiri a ku Lake District ku England. Ena amawerenga kuyambira pa 21 Disembala mpaka cha pa 20 Malichi, ndipo ku Himalaya mkangano umenewu ndi waukulu. Denis Urubko, katswiri wokwera mapiri a kumeneko, amakanitsitsa kuti Malichi si nyengo yozizira. Ine ndawonjezera lamulo langa: kamsanako kakhale kokutidwa ndi chipale kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Kuno kumatha kukhala tsiku la mu Disembala phiri lili lakuda bii ndi mvula yokhayokha. Tsiku lotero sindiliwerengera.

Kumapeto kwa Novembala

Mwezi uno wathera pa nkhani ya nsapato. Miyendo ilibe vuto. Chitunda ndinachizolowera ndili mwana, ndipo masiku amene ndilibe shifiti ndakhala ndikukwera ndi kutsika mapiri a kufupi ndi Inverness mvula ili pamsana.

Othamanga ambiri amakonda nsapato zopepuka, n'kumangirira kunsi kwake timaunyolo ta timinga tifupitifupi, ma microspikes. Panjira yathyathyathya imene yagwira ayezi timathandiza kwabasi. Koma pamalo otsetsereka kwambiri mphira wake umatamuka, timingato timapendekera m'mbali, ndipo tilibe mano akutsogolo obayira chipale cholimba. Makramponi enieni, zida za mano akuthwa zomangirira kunsi kwa buti, ali ndi mano 10 kapena 12, awiri oloza kutsogolo, koma amafuna buti youma kunsi kuti asavuke. Kuno mabuti amawaika m'magulu a B1, B2 ndi B3 malinga ndi kuuma kwa soli. Buti youma imalemera, ndipo kuthamanga nayo makilomita oyambirira a m'nkhalango kumatopetsa akakolo.

Ndasankha buti yopepuka ya B2 ndi makramponi achitsulo. A aluminiyamu ndawakana ngakhale ali opepuka, chifukwa pa CMD miyala ikuluikulu yofiirira imatulukira pamwamba pa chipale, ndipo aluminiyamu akakumana ndi mwala amabuntha msanga. Chisankhochi chindidyera mphindi zingapo pokwera ndi potsika, ndipo ndazipereka ndi mtima umodzi.

Chachitatu ndi nkhwangwa ya m'chipale, ice axe. Kuigula n'kosavuta, ntchito ili pa kuidziwa. Chaka chatha ndinachita maphunziro ake ku Cairngorms ndi mayi wina wachikulire amene wathera moyo wake m'mapiri, ndipo chipale choyamba chitangogwa mwezi uno ndinabwerera kukabwereza ndekha pa katsetse kamene kamathera pamalo osalala opanda miyala. Umadzigwetsa dala, chafufumimba, chagada, kenako mutu kunsi. Ukamatsetsereka umagwira mutu wa nkhwangwa pafupi ndi phewa, mpini wake utadutsa pachifuwa, n'kutembenukira mbali ya mutuwo, kuukanikiza mlomo wake m'chipale ndi thupi lonse, mapazi utawakweza m'mwamba kuti mano a makramponi asakole n'kukugudubuza. Mayiwo anatiuza mosabisa kuti pa chipale chouma gwa munthu amathamanga kwambiri m'kamphindi kochepa moti nthawi zina nkhwangwayo imangokanda osagwira. Choncho luso loyamba ndi kuponda bwino, mapazi otalikirana pang'ono kuti dzino lisakole thalauzi, mano onse akulowa pansi nthawi imodzi.

China chimene ndikuchita madzulo aliwonse pakhonde, mumdima, ndi kuvala ndi kuvula makramponi magolovesi ali m'manja. Paphiri ukaima thukuta limazizira nthawi yomweyo, ndipo ukavula magolovesi kuti umange lamba zala zimachita dzanzi usanamalize phazi loyamba. Poyamba zinkanditengera nthawi yaitali. Pano mapazi onse awiri amatha mphindi ziwiri zisanakwane.

M'chikwama muli jekete lochindikala lovala ndikaima, thumba lobisalamo mphepo ngati ndavulala, magolovesi ena apadera awiri, magalasi otchinga maso, tochi ya pamphumi ndi ina yaing'ono, mapu a pepala, kampasi ndi wezulo. Foni ndinailembetsa kale kuti izitha kutumiza uthenga ku 999. Umalemba mawu oti register n'kutumiza ku nambalayo, kenako n'kuyankha kuti yes pa uthenga umene akubwezera. Aliyense wokwera mapiri kuno achite zimenezi lero, chifukwa m'makwawa muja meseji imatha kudutsa pomwe kuimba kwakanika.

Pakati pa Disembala

Dzuwa likutuluka cha m'ma 9 koloko m'mawa n'kulowa 4 koloko isanakwane. Kuwala sikukwana maola 7. Apa ndiye pamene liwiro lili ndi phindu lenileni: amene amatha ulendo pa maola 5 amatsika kukuwala, pamene wa maola 10 amayamba mumdima n'kumaliza mumdima, atatopa, pa miyala yoterera.

A Scottish Avalanche Information Service, amene amachenjeza za zigumukire za chipale, ayamba kutulutsa malipoti awo a tsiku ndi tsiku, ndipo la chigawo cha Lochaber, kumene kuli Ben Nevis, ndikuliwerenga madzulo aliwonse, ngakhale ndilibe ulendo. Kuwerenga lipoti la tsiku limodzi sikuthandiza kwenikweni. Chipale chili ndi mbiri yake, chimaunjikana m'magawomagawo, ndipo kuti umvetse za lero uyenera kudziwa chimene chinagwa sabata yatha ndi mphepo imene inachiulutsa. Amaika chiopsezo m'magawo asanu, n'kujambula chozungulira chosonyeza mbali za phiri zimene zili zoopsa ndi pa msinkhu wanji. Mphepo ya kuno kawirikawiri imachokera kummwera chakumadzulo. Imasesa chipale mbali imeneyo n'kukachiunjika kuseri, kumpoto ndi kummawa, kumene chimagwirana n'kupanga chibenthu cholimba pamwamba pa gawo lofooka. Chibenthucho ndicho windslab. Ukachiponda chimalira ngati chili ndi mphako kunsi, nthawi zina ming'alu imathamanga kuchokera paphazi lako, ndipo pa malo opendekeka madigiri 30 mpaka 45 chimatha kusweka chonse n'kutsika nawe.

Ife a kumunsi kwa Mulanje tikukumbukira napolo wa ku Phalombe mu 1991, ndiye tikudziwa kuti mbali ya phiri imene imaoneka yachete imatha kunyamuka yonse pakamodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti napolo amabwera yekha ndi mvula, pamene chigumukire cha chipale chimene chimapweteka munthu nthawi zambiri amachiyambitsa ndi munthuyo kapena mnzake. Mu Malichi 2019 anthu atatu anafa pa chigumukire mu Number 5 Gully, khwawa limene umaliona bwinobwino kutsidya ukamakwera CMD. Kamsana penipeni n'kotetezeka pa nkhani imeneyi chifukwa mphepo imakasesa, koma chitunda chomaliza chokwera ku Ben Nevis, cha mamita oposa 200, chimatha kudzadza windslab mphepo ikachokera kumadzulo kapena kumpoto chakumadzulo. Pamenepo ndi pamene ndikuyang'anitsitsa m'malipoti.

Ntchito ina ya mwezi uno ndi kampasi. Pansonga ya Ben Nevis ndi potakata ngati bwalo, ndipo masiku ambiri pamakhala nkhungu. Nkhungu ikakumana ndi chipale zonse zimangoti mbee, kumwamba ndi pansi osasiyana, moti sudziwa ngati ukukwera kapena ukutsika. Kumpoto kuli maphompho a mamita mazanamazana, ndipo m'mphepete mwake mphepo imaumba cornice, chipale cholendewera pamwamba pa malo opanda kanthu. Khwawa la Gardyloo Gully limalowerera mkati mwa bwalolo, pomwe munthu wolunjika njira yotsikira angadutse. Ukalithawa mopitirira, kumanzere kukudikira Five Finger Gully, limene poyamba limaoneka ngati njira yabwino kenako n'kuthera paphompho. Njira yodziwika yotulukira ndi iyi: kuchokera pa chipilala cha pansonga, ulunjike madigiri 231 kwa mamita 150, kenako utembenukire madigiri 282 ndi kusunga pomwepo mpaka utsike.

Mamita 150 amenewo umawayeza ndi mapazi. Ndinapita pabwalo la mpira kukawerenga kuti phazi langa lamanja limagunda pansi kangati pa mamita 100, kenako ndinakabwereza m'chipale chofika m'mawondo, mmene masitepe amafupika ndipo chiwerengero chimakwera. Manambala onsewa ndawalemba pa kapepala komatira kuseri kwa kampasi. Wotchi yanga ili ndi GPS ndipo njira yonse ndinailowetsamo, koma mabatire amafa msanga kukazizira, ndipo pa bwalo lija sindikufuna kudalira chinthu chimodzi chokha.

Sabata ya Khirisimasi

Ndinanyamuka ndi mnzanga wa m'kalabu yathu yothamanga, wobadwira konkuno. Olosera nyengo a MWIS ananena kuti mphepo idzakhala ya mamailosi 30 mpaka 40 pa ola m'mawa n'kukula masana, ndiye tinati tiyese kuiyambirira. Tinatsata mtsinje wa Allt a' Mhuilinn, n'kupatukira kumanzere pa chitunda chachitali cha udzu chija. Chipale chinali chatsopano, chosagwirana, phazi lililonse likumira mpaka m'katumba. Pamalo amene ndimathamanga pang'onopang'ono m'nyengo yotentha tinkangokoka miyendo, kusinthana wotsogola.

Titafika pamsana pafupi ndi Càrn Dearg Meadhonach mphepo inali itafika kale. Inkabwera mwa mafunde: kachete pang'ono, kenako kumva kulira kwake ikukwera kuchokera kukhwawa, ndipo tonse tinkagwada n'kubaya nkhwangwa pansi mpaka idutse. Timibulu ta ayezi tinkalasa kumaso ngati sitinavale kanthu. Tinayang'anizana, iye n'kuloza kumunsi ndi chala, ine n'kugwedeza mutu. Panalibe zokambirana. Pa kamsana pamene pena m'lifupi mwake simukwana mita imodzi, mphepo yoti ikugwetse pamalo otakata siyoyenera kuiyesa. Madzulo tinaona kuti siteshoni ya zanyengo ya pa Aonach Mòr, phiri loyandikana nalo, inalemba mphepo yoposa imene inaloseredwa.

Tsikulo landipatsa muyeso umene ndizigwiritsa ntchito: ngati olosera akunena mphepo yoposa mamailosi 25 pa ola pansonga, ulendo wa liwiro palibe. Ndaonanso kuti chipale chatsopano chimatha kuwonjezera ola lathunthu pa chitunda choyamba chokha.

Januwale

Mwezi wodikira. Kunagwa chipale chambiri, kenako mphepo yofunda yochokera kummwera, mvula mpaka pansonga, kenako chipale china. Ndakhala ndikuthamanga m'zigwa ndi kukwera masitepe nditasenza chikwama, kwinaku ndikuwerenga za amene ananditsogolera.

Chimene ndikuchiona mobwerezabwereza n'chakuti marekodi a m'nyengo yozizira amagwa pa mtundu umodzi wa tsiku. Chipale chimayamba chasungunuka pang'ono ndi kufunda kapena mvula, kenako kumazizira kwambiri usiku wopanda mitambo, chonse n'kuuma gwa. Chipale chotero amachitcha névé. Chimakwirira miyala ndi maenje, chimasalaza malo amene m'nyengo yotentha umadumphadumpha, makramponi amaluma bwino, ndipo chiopsezo cha chigumukire chimatsika. Taonani za Cuillin Ridge pa chilumba cha Skye. Oyamba kuudutsa msana umenewu m'nyengo yozizira, Tom Patey, Hamish MacInnes, Davie Crabb ndi Brian Robertson mu 1965, anatenga masiku awiri. Mu Febuluwale 2016 Finlay Wild ndi Tim Gomersall anaudutsa pa maola 6 ndi mphindi 14. Mu Febuluwale 2018 Uisdean Hawthorn anatsitsa nthawiyo kufika pa maola 4 ndi mphindi 57, mwezi womwewo umene Wild anachita Tranter Round yake. Anthu awiri, mapiri awiri otalikirana, kuzizira kumodzi. Onse anali okonzeka kalekale, n'kumangodikira kuti phiri liume.

N'chifukwa chake ndimaona kuti kuyerekeza nthawi za m'nyengo yozizira ngati za pabwalo lothamangira n'kulakwitsa. Munthu yemweyo, pa njira yomweyo, atha kutenga maola 5 lero ndi maola 9 sabata yamawa popanda kusintha kalikonse m'thupi mwake. Luso lalikulu lili pa kudziwa tsiku, ndi kukhala ndi mtima wolisiya likakhala kuti si limenelo.

Ku Alps nkhani ndi yomweyo, kungoti makoma ake ndi aakulu. Ueli Steck wa ku Switzerland anakwera khoma lakumpoto la Eiger yekha mu Febuluwale 2008 pa maola 2 ndi mphindi 47, khoma limene oyamba kulikwera mu 1938 anathera masiku oposa atatu. Mu Januwale 2009 anakwera khoma lakumpoto la Matterhorn pa ola limodzi ndi mphindi 56. Anasankha miyezi yozizira chifukwa ayezi amagwira miyala yogwedera kuti isagwe. Koma Steck anali katswiri wokwera makoma kwa zaka zambiri asanayambe kuthamanga zitunda kuti awonjezere mphamvu. Ambirife tikuchokera mbali inayo: tili ndi mapapo ndi miyendo, zimene zimatifikitsa msanga pamalo amene sitinaphunzire kukhalapo.

Ngakhale odziwa kwambiri amagwidwa. Mu Juni 2012 Kilian Jornet, katswiri wothamanga m'mapiri, ankadutsa mapiri a Mont Blanc ndi Stéphane Brosse, katswiri wa mipikisano ya ski, pamene cornice inathyoka pansi pa mapazi a Brosse pa Aiguille d'Argentière, ndipo anafera pomwepo. Mu Seputembala 2013 Jornet ndi wothamanga mnzake Emelie Forsberg anachita kupulumutsidwa pa Frendo Spur, pamwamba pa Chamonix, nyengo itasintha ali ndi zovala zopepuka. Mu 2017, munthu wina atafa pa Mont Blanc atavala zothamangira, meya wa tauni ya Saint-Gervais m'tsinde mwa phirilo, Jean-Marc Peillex, anakhazikitsa lamulo la zida zimene aliyense ayenera kunyamula pa njira ya Goûter yokwerera Mont Blanc. Othamanga ambiri anakwiya nalo, ponena kuti chimene chimateteza munthu ndi kudziwa, osati katundu. Ine ndimagwirizana nawo theka. Kudziwa ndiye koyamba, inde. Koma bondo likathyoka pa mamita 1,200, liwiro lako latha pomwepo, ndipo a Lochaber Mountain Rescue Team, amene ndi anthu ongodzipereka osiya ntchito zawo ndi mabanja awo, angatenge maola angapo kuti akufike. Maola amenewo umawapirira ndi zimene zili m'chikwama basi.

Pa za thupi, ziwiri zimene ndikufuna abale anga akhungu lakuda azidziwe, poti ndimagwira ntchito ya unamwino. Mabuku ambiri amati chizindikiro choyamba choti chisanu chayamba kuwononga chala ndi kuyera kwa khungu. Pa khungu lathu kusinthako sikuoneka msanga, ndiye dalirani kumva: chala chikasiya kupweteka n'kuchita dzanzi, kapena chikauma pochikhudza, imani, chilowetseni kukhwapa mpaka chiyambenso kuwawa. Musachitikite ndi chipale. Chachiwiri, a zaumoyo a boma kuno, a NHS, amalangiza kumwa mamaikulogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse m'miyezi yamdimayi, ndipo kwa ife akuti tiganizire zomwa chaka chonse.

Za kamba ndazikonzanso. Madzi a m'kapaipi ka chikwama amaundana, ndiye ndikunyamula botolo mkati mwa jekete ndi kafulasiki ka tiyi wa shuga wambiri. Timaswiti ta m'sitolo ta othamanga timauma moti mano sangalowe. Buledi wopaka chiponde woduladula, mtedza wokazinga ndi mbatata yophika yothira mchere sizivuta kutafuna, ndipo ndimaziika m'thumba lapachifuwa kuti ndizidya ndikuyenda.

Pakati pa Febuluwale

Tsiku lija linafika. Mvula inagwa mpaka pamwamba Loweruka, Lamlungu usiku kunayera nyenyezi zokhazokha, ndipo malipoti anasonyeza chiopsezo chotsika mbali zonse ndi mphepo yosaposa mamailosi 15. Mnzanga wakuntchito anavomera kusinthana shifiti. Kunyumba ndinasiya pepala lolemba njira yanga ndi ola loti aimbe foni ngati sindinamveke.

Ndinanyamuka ndekha cha m'ma 7 koloko, tochi ili pamphumi m'nkhalango. Matope onse a m'mbali mwa mtsinje anali ataundana, ndiye ndinathamanga pamwamba pake popanda kumira. Makramponi ndinavala pakati pa chitunda, pomwe udzu unathera, ndipo kuyambira pamenepo phazi lililonse linkangoti khrr, khrr, mano akulowa theka la sentimita n'kugwira. Pansonga ya Càrn Mòr Dearg, mamita 1,220, ndinafika patangodutsa maola awiri. Kutsidya khoma lonse lakumpoto la Ben Nevis linali poyera, Tower Ridge itaima pakati, ndipo pansi penipeni kanyumba ka CIC Hut kakuoneka ndi okwera makoma amene ankayamba ulendo wawo.

Kamsanako kamayamba ndi kutsika, kenako kamapinda ngati chikwakwa kuzungulira mutu wa Coire Leis. Kumanja chigwacho chili phee pansi patali, kumanzere kutsetsereka kwina kolowera ku Glen Nevis. Pamwamba penipeni panali mzere wa mapazi a anthu adzulo, oundana, m'lifupi mokwana buti ziwiri. Pamenepa sindinathamange. Ndinkayenda mofulumira koma mosadukiza, nkhwangwa m'dzanja la mbali yokwera, kuibaya, kusuntha mapazi awiri, kuibayanso. Pamiyala ikuluikulu ndinkaika dzino limodzi lakutsogolo pa kampata, kuliyesa ndi theka la thupi, kenako n'kukwera. Maso amafuna kuthamangira kutsidya kukaona khoma lija, koma ndinkawabweza pa mamita awiri a patsogolo panga.

Chapakati ndinapeza anthu atatu omangana chingwe, mlangizi ndi ophunzira ake awiri, mmodzi akuoneka kuti mantha amugwira. Pamalopo panalibe podutsira popanda kutsikira m'mbali kapena kulumpha chingwe chawo. Ndinavala jekete, kumwa tiyi, n'kudikira mpaka anafika potakata, mlangiziyo n'kundikodola kuti ndidutse. Zinatenga mphindi pafupifupi 10. Ndikanakumana nazonso ndikanachita chimodzimodzi. Munthu wamantha akamva wina akupumira kumbuyo kwake amafulumira, ndipo pamalo paja kufulumira kwa wophunzira n'koopsa.

Chitunda chomaliza chinali névé yokhayokha, yolimba moti ndinakwera ndi mano akutsogolo, akatumba akuyaka moto. Pansonga ndinafika patatha maola atatu ndi theka ndi mphindi zochepa. Mabwinja a nyumba yoyezera nyengo anali atakwiririka, kanyumba kothawiramo kamene kanamangidwa pamwamba pa nsanja yake kataphimbidwa ndi ayezi wonga nthenga amene mphepo imamera pa chilichonse choima. Kunali koyera, koma ndinatulutsabe kampasi, kulunjika 231, kuwerenga mapazi, kenako 282, kuti ndione mmene njirayo imadutsira poyerekeza ndi Gardyloo Gully. Cornice yake inali yotulukira kunja mamita angapo, ndipo panali mapazi a munthu amene anapita kukasuzumira mpaka pafupi ndi m'mphepete, mosadziwa kuti waima pa chipale chopanda nthaka kunsi.

Kutsika ndi kumene kunadya nthawi yoposa imene ndinayembekeza. Kumtunda, pa chipale cholimba, ndinathamanga bwino ndi makramponi. Koma kumunsi kwa kamtsinje ka Red Burn njira inali yosakanikira: apa miyala youma, apo ayezi woonekera ngati galasi pomwe timadzi tinadutsa. Ndi makramponi pamwala umapunthwa, popanda makramponi pa ayezi umagwa. Ndinawavula pafupi ndi kanyanja ka Lochan Meall an t-Suidhe, n'kudula kumpoto pa dambo loundana kubwerera ku Allt a' Mhuilinn, kumene miyala yowolokera inali yokutidwa ndi ayezi moti ndinayenda m'mbali mwa mtsinje kufunafuna powolokera pabwino. Pagalimoto wotchi inaonetsa maola 5 ndi mphindi 20 ndi zina.

Maola 5 sanatheke, koma tsopano ndikudziwa pomwe mphindizo zili. Khumi zinapita podikira, ndipo zimenezo zingapewedwe ponyamuka ola limodzi m'mbuyo, magulu a alangizi asanafike pa kamsana. Zina zili pa gawo losakanikira lija, ndipo ndaganiza zowonjezera ma microspikes m'chikwama kuti ndiziwavala ndikavula makramponi; kulemera kwake n'kochepa poyerekeza ndi kuyenda monyang'ama makilomita awiri. Pa kamsana penipeni sindikufuna kuchotsapo ngakhale mphindi imodzi.

Sabata yomaliza ya Febuluwale

Kwafundanso, ndipo mvula ikugwa mpaka pa mamita 1,000. Olosera akuti mwina kuzizira kubwerera chakumapeto kwa sabata. Kukauma tsiku la 28 lisanadutse ndipo mphepo ikakhala pansi pa muyeso wanga, ndidzanyamuka 6 koloko. Kukapanda kutero, maola 5 adikira Disembala. Makramponi ndawanola ndi tupa, chifukwa miyala ya pa CMD inabunthitsa mano akutsogolo.

Malichi ndi wa Mamores, kukaphunzira gawo lina la Tranter Round chipale chisanathe: Sgùrr a' Mhàim, Devil's Ridge ndi An Gearanach, mopanda kuyang'ana wotchi. Abale angapo a ku Glasgow ndi ku Edinburgh mwandilembera kuti mukufuna kutsagana nane. Bwerani, koma aliyense akhale ndi buti youma, makramponi ndi nkhwangwa, zobwereka zilipo m'masitolo a ku Fort William, ndipo tsiku loyamba lonse tidzathera pa katsetse kotetezeka kuphunzira kuponda ndi kudziimitsa tisanakwere msana uliwonse.